Mutu 6: Tsiku Limene Luntha Anakana Munthu Wamkulu

1. Katoni imene anaisiya

Bambo ake a Luntha atamwalira, abale awo anabwera ndi lole kunyumba kwathu ku Mbedza. Sindikuwonjezera ayi, lole yeniyeni. Tinali tisanamete n'komwe. Ananyamula mipando, firiji, njinga, wailesi, simbi, mpaka kompyuta ziwiri za eni ake zimene malemu ankakonza. Ine ndinaima pakhonde n'kumawatukwana mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake. Iwo ankangokweza katundu.

Chimene anasiya ndi katoni imodzi ya mabuku. Mlamu wanga wamkulu anaitsegula ndi phazi, n'kusuzumira, n'kunena kuti, "Izi adye makoswe."

Mabukuwo anali asanu, achingerezi, onenepa ngati njerwa. Amuna anga, a Daudi, anawatola kalekale ku koleji ya ku Chirunga, nthawi imene ankagwira ntchito yonyamula ndi kupukuta makompyuta. Eni ake anali atawataya. Onse asanu ankanena chinthu chimodzi: mmene munthu angatetezere kompyuta ndi zimene zili m'kati mwake kuti zisabedwe kapena kuonongedwa.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7. Kwa ine amenewo anali mapepala basi, ndipo ntchito yanga ndi yogulitsa mandasi pa siteji ya maminibasi opita ku Songani. Mandasi amafuna pepala.

Tsiku lina Luntha, mwana wanga mmodzi yekhayo, anaweruka kusukulu n'kundipeza ndikung'amba. Nthawi imeneyo anali asanalowe Fomu 3.

"Amayi, mukung'amba chiyani?"

"Ukuona ngati nsalu?"

"Amenewo ndi mabuku a ababa."

"Ababa ako anapita. Mandasi alipo, ndipo sangapite pamsewu ali maliseche."

Anatola tsamba limodzi, lamafuta kale pakona, n'kundionetsa m'mphepete mwake. Panali zolemba za bolopeni ya buluu, zopendekera, zimene ndikanazizindikira ngakhale patali. A Daudi analemba m'Chichewa kuti: "Apa ndinalakwitsa Lachiwiri. Osabwerezanso."

Mpaka lero sindidziwa chimene analakwitsa Lachiwiri limenelo. Koma kung'amba ndinasiya. Katoni ija inasamukira kunsi kwa bedi la Luntha, ndipo kwa zaka ziwiri mwanayo ankawerenga pang'onopang'ono, dikishonale ili pambali. Kompyuta analibe. Ankangowerenga ngati munthu wophunzira kusambira ali pamphasa.

2. Agogo Disiketi

Atalemba mayeso a Fomu 4, mwayi unapezeka pa kachipatala kena ka mpingo, m'mbali mwa msewu wa ku Songani. Ankafuna munthu wolemba mu kompyuta mayina a odwala, kumene amakhala, mankhwala amene alandira ndi tsiku lobweranso. Anatenga atsikana awiri kuti awayese miyezi itatu, ndipo ananeneratu kuti adzatsala mmodzi. Wina anali Luntha. Winayo anali Gracious, wa setifiketi ya sukulu ya makompyuta ya m'tauni, ndi foni yaikulu ngati mbale.

M'mawa woyamba ndinamukhazika Luntha pansi asanavale nsapato.

"Tamvera iwe. Setifiketi ulibe, bambo ulibe, amalume a ku ofesi ulibe. Chimene uli nacho ndi ulemu umene ndinakuphunzitsa ine. Munthu wamkulu akalowa, dzuka umupatse mpando. Akakutuma, thamanga. Akakupempha chinthu, pereka ndi manja awiri. Usamufunse kuti ndinu yani, usamufunse kuti mukufuniranji. Mwana wofunsafunsa akulu sakhalitsa pantchito. Ukabwerera kuno, chiwaya cha mandasi ukudziwa pamene chimakhala, ndipo utsi wake waona mmene wandithera maso. Sindinakulere kuti udzaime pa siteji pambali panga. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Sabata yachitatu anabwera atatupa nkhope. A Sista Sheila, amene amayang'anira chipatalacho, anali atafunsa atsikana awiriwo kuti mayina a odwala angawasunge bwanji kuti asatayike kompyuta ikafa. Luntha anafulumira kuyankha monga linanenera buku: awakopere mu disiketi, n'kuitsekera mu kabati.

Disiketi ndi kambale kapulasitiki kamene makompyuta akale ankameza. A masiku ano alibe ngakhale pakamwa pomezera. Gracious anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Disiketi? Agogo, mwadzuka kumanda ati?"

Pofika masana, ngakhale mlonda wa pageti ankamutchula kuti Agogo Disiketi.

Madzulo ake Luntha anakoka katoni ija kunsi kwa bedi n'kuiika pafupi ndi mbaula yanga.

"Kulungirani mandasi anu."

Ndinakwiya. "Pamene ndinkawafuna ine, unalira. Lero akuseka anzako, ndiye wakumbukira mandasi anga? Zolemba za bambo ako sindizitaya chifukwa cha kamtsikana ka foni yaikulu. Loweruka tikwera kuphiri kwa a Justus. Akanena iwowo kuti ndi zinyalala, ndikulungira."

3. Kwa a Justus kuphiri

A Justus anagwira ntchito ndi malemu zaka khumi ndi ziwiri, iwo ali okonza makompyuta, a Daudi ali owathandizira. Atapuma pantchito anakakhala pamwamba pa phiri, n'kumalima masitiroberi ndi mbatata ya kachewere. Tsiku la lole lija, ndi iwo okha amene anauza alamu anga pamaso kuti akuchita zamanyazi. Munthu wotero sumuiwala.

Tinakwera wapansi, njira yachidule ya anthu a nkhuni, katoni ili pamutu pa Luntha, ine ndikupuma pa mtengo uliwonse wa paini. Tinawapeza m'dimba atavala majuzi awiri, nkhungu ikungoyamba kuchoka.

"Mayi a Luntha, mwakwera phiri lonseli osatukwana munthu?"

"Ndatukwana phirilo."

Anaseka, n'kutikhazika pa benchi. Luntha anafotokoza zonse, mpaka dzina limene anamupatsa. A Justus anapukuta manja ku juzi, n'kutenga buku lalikulu kuposa onse, n'kunyambita chala.

"Apa pafa," anatero, akutembenuza masamba. "Apanso pafa. Makina awa ndinawataya ndi manja anga iwe usanabadwe. Apa akuti pasiwedi ya zilembo zisanu ndi chimodzi ndi yokwanira. Mukudziwa pasiwedi, mayi? Mawu achinsinsi otsegulira kompyuta. Yaifupi chonchi, masiku ano aithyola inu musanamalize tiyi. Mnzako uja sananame, Luntha, disiketi inapita. Lolemba ukamupemphe akuphunzitse mmene akusungira zinthu masiku ano. Akakuseka, useke naye."

Luntha anandiyang'ana ngati akuti mwamvatu. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za mapepala a mwezi wathunthu.

"Koma musathamange," anatero a Justus.

Anatsegula chakumapeto, kumene kunalibe zithunzi, kumene bolopeni ya a Daudi inadzaza m'mphepete monse. Anayang'ana zolembazo. Kenako anayamba.

"Funso la a Sista unaliyankha ndi chiwiya chakale, koma nzeru yake inali yoona. Sunga kope lina, ulisunge kwina, ulitsekere. Zimenezo sizinakalambe, chakalamba ndi chosungiramo. Mabukuwa ali ndi mbali ziwiri. Mbali ya makina imawola msanga kuposa masitiroberi angawa. Mbali ya anthu ili chikhalire, chifukwa anthufe sitinasinthe. Wakuba wochenjera salimbana ndi kompyuta ayi. Amalimbana ndi munthu amene wakhala pa kompyutayo. Amabwera atavala bwino, dzina la bwana wako akulidziwa, dzina lako akulidziwa, ndipo nthawi zonse amakhala pachangu. Amene analemba bukuli Zomba sanamuonepo, koma zili ngati ankatidziwa. Kuno ntchito ya wakubayo ndi yopepuka, chifukwa tinaleredwa kuti munthu wa tayi safunsidwa.

"Ine ndinagwa nazo. Tsiku lina ku ofesi kunabwera mkulu wina ndi kalata ya chidindo. Ndinamupatsa mpando wanga, pasiwedi yanga, ndi tiyi pamwamba. Atapita tinapeza makalata a anthu atasinthidwa, ndipo ena anavutika zaka chifukwa cha ine. Ndinali bambo wandevu, wa masetifiketi awiri. Ndinangochita manyazi kumufunsa, basi.

"Ndiye tamvera. Pasiwedi imene wapatsidwa ndi yako wekha. Sipita kwa mlendo, sipita kwa mnzako, sipita kwa mayi akowa. Wokonza weniweni ali ndi polowera pake, safuna yako. Munthu akati watumidwa, funsa amene wamutumayo, ndipo ufunse pa nambala imene ukuidziwa iwe, osati imene akupatse iyeyo. Ukapanda kuwapeza, yankho ndi ayi mpaka utawapeza. Akakwiya, musiye akwiye. Wabwino akakwiya lero, mawa akutamanda. Woipa akakwiya, ndiye kuti watseka bwino."

Apa ine sindinapirire. "A Justus, ndakwera phiri lonseli kuti mundiphunzitsire mwana mwano?"

"Angathe kukana atagwada, mayi. Bukuli silinaletse kugwada."

"Mukamuchotsetsa ntchito, mumulemba m'dimba muno."

"Alima bwino kuposa mmene mwakwerera inu."

Anapinda makona a masamba amene anati ali moyo, m'mabuku onse asanu. Sanali ambiri. Mwina gawo limodzi mwa magawo anayi. Anatipatsa masitiroberi m'jumbo, ndipo katoni inatsika nafe.

4. Lachinayi

Luntha anachita zimene anauzidwa. Anapempha Gracious, ndipo Gracious, ngakhale pakamwa pake pali minga, anamuphunzitsa kusunga zinthu mu fulashi ndi njira zina zamakono. Dzina lija silinachoke, koma anayamba kudyera limodzi chinangwa masana.

Mwezi wachiwiri uli kutha, Lachiwiri lina, a Sista anauza atsikana awiriwo kuti Lachinayi adzakhala kumsonkhano ku Liwonde, ndipo pasiwedi ya mayina onse a odwala aisiyira Luntha. Mwana anandiuza madzulo omwewo. Ndinanyada kwambiri.

Lachinayi lomwelo linali tsiku langa lolandira mankhwala a bipi pachipatala pomwepo. Ndinakhala pa benchi ya pakhonde ndi anthu ena, ndipo kuchokera pamenepo chitseko cha kaofesi ka atsikanawo chimaoneka bwinobwino. Zimene ndikulembazi sindinachite kumva.

Cha m'ma leveni koloko panafika galimoto yoyera. Munatuluka bambo wa imvi pang'ono m'mbali, jekete yakuda, tayi, chikwama cha laputopu, ndi kakhadi kolendewera pakhosi. Anatipatsa moni tonse pa benchi, mmodzimmodzi, mpaka anatolera gogo wina kabuku kake ka kuchipatala kamene kanagwa. Ine mumtima ndinati, anthu ophunzira ndi amenewa.

Analowa mu ofesi. Luntha anadzuka n'kumupatsa mpando, monga ndinamuphunzitsira.

"Ndiwe Luntha, eti? Ine ndine Bambo Namaona, wa ku kampani imene inakuikirani makompyutawa. A Sista Sheila andiuza kuti lero ali ku Liwonde ndipo pasiwedi asiyira iwe. Kwabwera vairasi imene ikuononga makompyuta m'zipatala. Ndilembere pasiwediyo apa, nditsuke kompyutayi. Mphindi khumi zokha, ndikuthamangira kwina."

Luntha anayang'ana kakhadi kaja, n'kuyang'ana pepala limene anamutambasulira. Kenako anagwada pambali pa tebulo.

"Pepani bambo, a Sista sanandiuze za kubwera kwanu. Ndiwaimbire kaye."

"Ali mu msonkhano, usawavutitse. Koma chabwino." Anatulutsa foni yake, n'kudina, n'kumutambasulira. "Ndi awa, lankhula nawo."

M'fonimo munkamveka mawu a mayi ndi phokoso la anthu. Luntha sanailandire.

"Zikomo bambo. Ndiimba pa yanga."

Anaimba. Foni ya a Sista inali yozimitsa. Anawerenga nambala ya kampani pa kapepala komatidwa m'mbali mwa kompyuta, n'kuimbanso. Inalira mpaka kuduka. Anayesa kachiwiri, chimodzimodzi.

"Waona?" anatero bambo uja mofatsa. "Ndiye tichite chonchi, chemwali. Pasiwedi yako usandipatse. Tsegula wekha, ine ndingoyesa dzina limodzi ndione ngati vairasi yadya kale." Anatchula dzina la mayi wina. Dzinalo ndinalimva, koma sindililemba muno.

"Pepani bambo. Zimenezonso sindingathe."

Gracious ananong'ona, koma tonse pa benchi tinamva. "Iwe Agogo, tsegula. Awa ndi a kampani. Utichotsetsa ntchito tonse awiri."

Mawu a bambo uja anasintha.

"Ndayenda kuchokera ku Blantyre kuti kamwana ka Fomu 4 kandiimike ngati wakuba? Makompyuta ndinayamba kugwira mayi ako asanakwatiwe. Kompyutayi ikafa mawa, mayina a odwala onse n'kutayika, ndidzalemba kuti ndi iwe. Dzina la bambo ako ndani?"

Apa m'pamene ine ndinadzuka, ndi bipi yanga yomwe, n'kukaima pachitseko.

"Luntha, ndinakuuza chiyani m'mawa uja? Wapenga? Apatse bambowa chimene akufuna. Pepani bwana, ndi mwana wanga ameneyu, wamasiye, ntchito sanaizolowere. Mukhululukireni."

"Wamva mayi ako," anatero iye.

Anthu a pa benchi anali atatalikitsa makosi. Mayi wina anati, "Ana a masiku ano ndi choncho." Gogo wa kabuku uja anavomereza ndi mutu.

Luntha anali chigwadire. Misozi inali m'maso, koma mawu anatuluka.

"Amayi, khalani pansi, dzina lanu silinaitanidwe." Kenako anatembenukira kwa mlendo. "Bambo, ndikuphikireni tiyi mudikire a Sista ayatse foni. Kapena mundisiyire nambala yanu, akuimbirani okha. Koma kutsegula sinditsegula."

Tiyi sanamufune. Nambala sanasiye. Analemba chinachake m'kabuku, n'kutseka chikwama, n'kutuluka. Ife a pa benchi, amene anatipatsa moni mmodzimmodzi, sanatitsanzike.

Madzulo ndinamudikira Luntha pa siteji, ndipo ndinamukalipira kuyambira pokwera minibasi mpaka potsika. Kondakitala anachita kundipempha kuti nditsitse mawu, akulephera kumva anthu otsika.

"Wandiuza ine, mayi ako, kuti ndikhale pansi, pamaso pa anthu. Wabweza munthu wa imvi. Ntchito wataya chifukwa cha buku la makoswe ndi nkhalamba ya masitiroberi. Gracious uja wapeza malo osakhetsa thukuta."

Kunyumba Luntha sanadye.

5. Mu ofesi ya a Sista

Lachisanu m'mawa sindinakazinge mandasi. Ndinavala chitenje changa cha Mvano kuti a Sista aone kuti mwanayu amachokera kwa anthu opemphera, n'kupita naye kukapepesa.

A Sista Sheila ndi mayi wamfupi wa magalasi, wosakonda mawu ambiri. Titangolowa, ine ndinayamba. Ndinanena za umasiye, za lole, za utsi wa mbaula. Ndinanena kuti mwanayu anasokonezedwa ndi mabuku akale, ndipo ndiwaotcha lero lomwe.

"Mayi, mwamaliza?"

"Ayi."

"Pumulani kaye."

Anatseka chitseko n'kukhala pansi.

"Dzulo nditatuluka mu msonkhano ndinaona kuti Luntha anandiimbira. Mlonda anandifotokozera zonse. Ndinaimbira a kampani. Kumeneko kulibe munthu wa dzina la Namaona. Sanatume aliyense, ndipo anthu awo sapempha pasiwedi kwa wogwira ntchito. Mawu a mayi amene munawamva pa foni ija sanali anga."

A Sista anandiyang'ana ine, n'kupitiriza.

"Dzina limene ankafuna kuyesa lija musalitchulenso kulikonse. Mayi ameneyo anathawa mwamuna amene anamuthyola mkono kawiri. Akubisala kwa abale ake, ndipo mankhwala amalandira kuno. Mu kompyutamo muli mudzi umene akukhala ndi tsiku limene abwerenso. Mphindi khumi zija zikanakwana. Apolisi ndawauza, ndipo mayiyo tamusamutsira kwina."

Ndinayang'ana mwana wanga. Anali atawerama, akupotokola mkombero wa siketi. Ine ndi amene ndinaima pachitseko n'kumulamula kuti atsegule. Akanandimvera, bwenzi lero ndikulemba za maliro.

Ana inu amene mukuwerenga, ine sindine munthu wothokozathokoza, koma apa ndithokoza. Ndithokoza a Justus, amene anakhala m'mawa wathunthu akupinda makona a masamba mbatata zawo zikudikira. Ndithokoza a Daudi, wopukuta fumbi, amene anatola zimene ophunzira anataya n'kuziwerenga ndi bolopeni m'manja. Ndithokozanso amene analemba mabukuwo, kaya ali moyo kaya anafa limodzi ndi madisiketi awo. Ulemu umene ndinaphunzitsa mwana wanga sunali woipa, ndipo anakana nawo m'manja. Koma chenjezo langa linali loperewera, ndipo mbali yotsalayo anaipeza m'buku limene ndinkakulungira mandasi.

"Unaziphunzira kuti zimenezi?" anafunsa a Sista.

"M'buku la ababa. Lija la disiketi."

A Sista anavula magalasi n'kuseka, koyamba chiwadziwireni.

"Ubwere nalo. Masamba amene akugwirabe ntchito uwalembe m'Chichewa, tiwamate pakhoma, aliyense aziwerenga kuyambira ine mpaka mlonda. Za disiketi uzisiye momwemo. Ndipo miyezi itatu sinakwane, koma ine ndaona zokwanira. Malo ndi ako, Luntha."

Ndinaombera m'manja n'kugwada ine ndemwe, ndi chitenje cha Mvano chomwe. Luntha anangoti zikomo, mawu osamveka bwino.

"Chatsala chinthu chimodzi," anatero a Sista, atavalanso magalasi. "Munthu uja anadziwa bwanji kuti ndili ku Liwonde ndipo pasiwedi ili ndi iwe? Ine ndinauza anthu awiri okha. Mmodzi anakana kutsegula. Winayo ankamukakamiza kuti atsegule. Lolemba Gracious ndimuchotsa, ndipo dzina lake ndilipereka kupolisi."

6. Panjira

A Sista anamupatsa Luntha tsikulo kuti akapume. Potuluka tinamuona Gracious pa zenera la kaofesi, akulemba mu kompyuta, asakudziwa kanthu. Anakweza dzanja. "Agogo, akusiya wamoyo?" Luntha anamwetulira pang'ono n'kupitirira.

Pamsewu ine ndinkangolankhula. Ndinati tigule nkhuku. Ndinati Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tikwere kuphiri, ndipo ulendo uno sinditukwana ngakhale mwala. Ndinamuuzanso, mosazungulira, kuti dzulo ndinalakwa.

"Amayi."

"Chiyani?"

"A Sista anauza anthu awiri. Ine ndinauza munthu mmodzi."

Ndinaima.

"Lachitatu pa siteji munauza ndani?"

Ndinaliona Lachitatulo lonse. Ine kuseri kwa beseni langa la mandasi, mawu ali pamwamba monga mwa nthawi zonse. Mwana wanga Luntha, amene ankamuseka uja, mawa a Sista Sheila akupita ku Liwonde, kompyuta yonse ya chipatala asiyira iyeyo. Ndinauza a kabaza. Ndinauza makondakitala. Ndinauza mayi wa tomato. Panali ndi ena osawadziwa, ndipo wina anagula mandasi awiri n'kukhalabe pompo, akufunsa kuti chipatala chake ndi chiti, mwanayo dzina lake ndani. Ine ndinayankha zonse, ndi mandasi a basela pamwamba.

"Aliyense amene anagula," ndinatero.

Luntha sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Ukakanena zimenezi," ndinatero, "a Sista adziwa kuti nkhani ya ku ofesi inatuluka ndi iwe. Malo aja angathe kukulanda."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukhale chete. Gracious ali ndi setifiketi, akapeza kwina."

"Akapeza kwina dzina lake lili kupolisi?"

Minibasi inaima pafupi nafe, kondakitala n'kutsegula chitseko. "Tauni, mayi? Malo awiri alipo." Ndinaika phazi pa sitepe. Luntha sanasunthe.

"Lolemba seveni koloko ndikalowa kwa a Sista, Gracious asanaitanidwe," anatero. "Zimenezo ndatsimikiza. Chimene sindikudziwa n'chakuti ndikalowa ndekha kapena ndi inu."